Kanema wa Azakhali a Febe

Kodi mungalote kuti Nowa akuoneka kangati m'kanema amene anasintha moyo wake? Sungani yankho lanu.

Nowa anali mwana wamasiye wa ku Nambuma, ndipo mayeso a Fomu 4 anali atamukanika. Chimene bambo ake anamusiyira ndi makaseti a fanki, nyimbo zija zimene gitala ya besi imatsogola, ng'oma n'kumatsatira. Ankaziphunzira pa gitala ya chigubu, m'chigafa cha fodya.

Azakhali ake a Febe, amene ankamulera, anatopa nazo. "Iwe, dum-dum wakoyu tidzadya? Mvula ikayandikira ukupita ku Kasungu, ukakhale tenanti pa esiteti ya fodya."

Nowa sanasiye. Anasonkhanitsa anzake, nabwereka zida za kwaya ya kuparishi. Kenako anamva pawailesi kuti okonza chikondwerero cha nyimbo ku Lilongwe akufuna magulu akumudzi. Gulu lililonse litumize kanema likuimba pamaso pa anthu.

"Azakhali, akatikana, ku Kasungu ndipita osawiringula," analonjeza.

Anakonza zoimba masana, tsiku la msika. Wojambula maukwati amene anagwirizana naye anagweredwa maliro, n'kungotumiza kamera yake yakale. Oimba onse manja anali pa zida.

"Bweretsa kuno," anatero a Febe. "Makanema a ukwati ndaonera ambiri."

Anajambuladi ngati paukwati, pamene aliyense wobwera amayenera kuoneka kuti asadzadandaule. Besi itagunda, a Febe analowa m'khamu. Anajambula mayi wa tomato atasiya benchi lake, chitenje atamanga m'chiuno. Anajambula masisitere awiri akugwedeza mapewa mobisa, ndi a Mathias okonza njinga akuvina sipanala ili m'manja.

Nowa ataonera kanemayo, anatembenukira kwa a Febe. "Azakhali, mwatipha!"

"Nanga a Mathias akanapanda kuoneka, ine ndikanadutsa bwanji pamsika?"

Anzake anati kutumiza zoterezi n'kudzichititsa manyazi. Koma zida zinali zitabwerera kuparishi, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana. Nowa anatumiza.

Foni inalira iye akusalaza nazale ya fodya. Anali okonza chikondwerero aja. "Bambo Nowa? Magulu ambiri atitumizira nkhope zawo. Inu mwationetsa zimene nyimbo zanu zimachita. Gulu lochotsa mayi pa tomato wake tsiku la msika, tikulifuna."

Nowa anakhala pansi pomwepo, kenako anakauza azakhali ake.

"Za ku Kasungu zisiye," anatero a Febe. "Koma ukawauze amene anajambula, eti?"

Lero gulu lake limaitanidwa kuyambira ku Msundwe mpaka m'tauni. Inu amene mwagwira kanthu kooneka kopotoka, musakataye kudzala musanakapereke. Limbani mtima, tumizani.

Nanga yankho lija? M'kanema yenseyo, Nowa saonekamo ngakhale kamodzi.