Ulendo wa Tiana ta Shaki ku Jebel Ali

Ndinagwira ntchito yaudalaivala kunja kwa dziko lathu, pa hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Jumeirah. Hotelayo inkaweta zam'madzi m'matanki agalasi. Alendo ankathamangira kwa akatumbu a m'nyanja, amene kumeneko amawatcha sili. Amenewa anali ndi maina, ankawomberedwa m'manja. Pakona panali tiana ta shaki, totalika ngati mkono wanga, togona pamchenga. Palibe ankaimapo.

Mayi woyang'anira matanki anandiuza kuti ziwirizi si pachibale. Sili ndi nyama ngati mbuzi: imayamwitsa, imatulutsa mutu kuti ipume, ndiponso kwawo si kuno kotentha. Shaki ndi nsomba, ndipo mtundu waung'onowu ndi wa m'nyanja yomweyi. Umakula mochedwa, umaswa pang'ono, maukonde akuumaliza. Ndinamva msanga. Kwathu ku Mangochi chambo chinachepa ife tikuona.

Tsiku lina akuluakulu a hotela anati tiana ta shaki tija takula, tikatulidwe m'nyanja cha ku Jebel Ali kumene saloleza kuwedza. Anasankha ine kuti nditinyamule m'thanki pagalimoto. Mayiyo anachenjeza kuti madzi akamakhutukira uku ndi uku, tianato timamenyetseka kukhoma kwa thanki ndipo tikhoza kufika takufa.

Ndinayendetsa monga ayendera mkazi wosenza ndowa yodzaza, khosi chilili, osadzidzimutsa phazi. Pambali panga panakhala dalaivala mnzanga wa ku Chipata, munthu wapakamwa. Magalimoto ankatiimbira mahutala, iye n'kumadandaula kuti ngakhale ngamira itipitirira.

"Yalla, tiyeni msanga mdala! Mwanyamula maliro kapena?"

"Ndikukana maliro omwewo," ndinatero. "Khala chete."

Sanakhale chete. Anati akanakhala akatumbu aja bwenzi apolisi akutiperekeza, koma ife tikuvutikira ndiwo. Apo ndinaseka pang'ono, chifukwa tiana totere ndinatiwonapo pamsika titaunjikidwa pa ayezi.

Titafika, mayi uja, amene ankatitsatira pambuyo, anatsegula thanki n'kuyang'anamo nthawi yaitali. Kenaka anati tiana tonse tili moyo. Ndinapinda buluku, ndinalowa m'madzi ofunda mpaka m'mawondo, ndipo anandipatsa beseni limodzi lokhala ndi kashaki kuti ndipendeketse ndekha. Kanga kanatsikira pansi n'kungokhala phee pafupi ndi chala changa. Wa ku Chipata anati kafa. Ndinamuuza adikire.

Kanagwedeza mchira, kanalowera kuya.

Pobwerera ndinamupatsa mnzanga uja makiyi kuti athamange mmene afunira. Anayendetsa pang'onopang'ono, thanki ili yopanda kanthu.