Mwini wa Nkhalamba ya Ndodo

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwerera kumudzi, kufupi ndi Nachisaka, kukadikira zotsatira. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Pamsika munthu ankalowa osafunsidwa khadi la chipani, ndipo katundu amene sitinkamudziwa anayamba kufika. Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga aakulu, anabwera kuchokera ku Joni ndi kabokosi ka gemu.

Mlamuyo anali ndi golosale yaing'ono pamphambano ya msewu wopita ku Ntchisi. Kuseri kwake kunali kachipinda kosungiramo feteleza. M'menemo anaikamo benchi, batire ya galimoto ndi kanema wamng'ono amene ankangoonetsa zakuda ndi zoyera. Gemu inali imodzi yokha, ya ndewu. Anthu awiri ankagwira zogwirira za mabatani zimene tinkazitcha mapadi, aliyense n'kusankha womenya wake pa kanema, n'kuyamba kumenyana. Wopambana ankakhalabe pampando, wogonja ankapereka padi kwa wotsatira.

Omenyawo analipo asanu ndi atatu. Maina awo enieni sitinavutike nawo, tinkawatchula monga ankaonekera. Panali Chimphona, Kamtsikana, Wamaunyolo, Nkhalamba ya Ndodo ndi ena.

Sabata yoyamba anyamata awiri apachibale anasankha womenya mmodzimodzi, ndipo gemu inalola. Pa kanema wabwino mwina wina akanavala zofiira wina zobiriwira, koma pa wathu uja onse anali otuwa. Atadumphana kangapo panalibenso wodziwa wake. Mmodzi atagwa, aliyense wa anyamatawo anati wapambana ndi iye. Ndewu inachoka pa kanema n'kubwera pabenchi, waya wa batire n'kuduka. Mlamu anaulumikiza, kenako anati kuyambira tsikulo aliyense akhale ndi munthu wake.

Amene tinalipo tinagawana. Ine ndinali kumapeto kwa benchi, ndiye ndinapatsidwa Chimphona, amene ena onse anamukana chifukwa ankayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope.

Lamulolo linakula lokha. Womenya anakhala ngati dimba. Mwini wake akakhala palibe, wina ankatha kubwereka, koma mwini akangosuzumira pakhomo unkamusiya. Mwini ali pomwepo unkayenera kupempha, ndipo kawirikawiri ankakana. Palibe anakhala pansi kugwirizana zimenezi. Tinangozindikira kuti ndi mmene zilili.

Ndinamuphunzira Chimphona chifukwa ndinalibe wina. Sankathamanga, sankadumpha bwino, koma akakugwira m'chiuno mphamvu zako zinkatsika ndi theka. Ntchito yonse inali kufika pafupi. Pofika nthawi ya mvula ndinkadziwa utali wa mkono wake kuposa wa mkono wanga, ndipo zala zinkachita zinthu mutu usanaganize.

Kutsidya kwa mtsinje kunali esiteti ya fodya. Mmodzi mwa matenanti a kumeneko anayamba kubwera Lamulungu masana. Anachokera ku Phalombe ndi mkazi ndi ana awiri nthawi ya nazale, ndipo tinkangowatchula kuti a ku Phalombe. Anali wamkulu kwa ife tonse, kupatula mlamu. Manja awo ankakhala akuda ndi utomoni wa fodya, moti mlamu anaika beseni ndi kasopo pakhomo chifukwa cha iwo.

Anafika omenya onse atagawidwa kale, choncho analibe wawo. Akamasamba m'manja ankafunsa ali chiweramire.

"Lero ndikubwereka ndani, alamu?"

"Mwini wa Wamaunyolo ali ku maliro."

"Pepani kwa ofedwa. Koma zikomo."

Lamulungu lililonse wina ankasowa, uyu ku mpira, uyu kudimba, uyu kwa apongozi. A ku Phalombe ankatenga amene wapezeka. Miyezi itapita anali atagwirapo omenya onse, ndipo apa ndi pamene mkangano unayambira: chabwino n'chiti, kudziwa mmodzi mpaka m'mafupa kapena kudziwa onse pang'onopang'ono?

Mlamu anali kumbali ya kudziwa mmodzi. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankatero.

"Pusi ameneyo anali ndi mtengo wake, alamu," a ku Phalombe ankayankha. "Ine ndilibe ndi nthambi yomwe."

Ine ndinkangoonerera, ndipo zimene ndinaona ndi izi. A ku Phalombe ankadziwa chimene womenya aliyense amaopa, chifukwa anakhalapo m'kati mwake. Ukamamenyana nawo unkamva ngati akukuwerenga. Koma ndewu ikafika pothina, onse awiri mphamvu zitatsala pang'ono, zala zawo zinkasokonezeka. Ankadina mabatani a womenya wa sabata yatha, ndipo amene ali naye lero ankangogwedeza mkono mumphepo. Pamenepo mwini weniweni ankawamaliza. Sankakwiya. Ankayang'ana zala zawo ngati ana amene awachititsa manyazi pamaso pa alendo.

Chimene ankafuna sichinali chobisika. Ankafuna wawo.

Nthawi yothyola fodya, mwini wa Nkhalamba ya Ndodo analembedwa usilikali. Ananyamuka m'mawa wina osanena kuti nkhalambayo akusiyira ndani. Nkhalamba ya Ndodo anali womenya wosiririka. Ndodo yake inkafika pafupifupi pakati pa kanema, ndipo munthu wodziwa ankatha kukumaliza usanamukhudze n'komwe.

Msilikaliyo anali ndi mng'ono wake, mnyamata wa msinkhu wanga. Iye sanagwirepo womenya wina aliyense. Ankangodikira kuti mkulu wake atope ndi kumupatsa padi, ndipo nkhalambayo ankaidziwa bwino ndithu.

"Ndi wa kwathu," anatero. "Achimwene akachoka, zawo zimatsala pakhomo."

"Zoona, mphwanga," a ku Phalombe anati. "Koma benchi iyi ndaipukuta ndi thalauza langa kuyambira nazale. Nanenso ndione."

Mlamu sanafune kukhumudwitsa aliyense, popeza onse ankagula sopo ndi mchere kwa iye. Anagamula kuti Lamulungu lotsatira amenyane ndewu zitatu, wopambana ziwiri atenge nkhalambayo. Onse awiri sakanasankha womenya mmodzi pa kanema wathu uja, choncho mnyamata agwiritse ntchito nkhalamba ya mkulu wake, a ku Phalombe abwereke kwa amene angalole.

Panthawiyo chigamulocho chinaoneka chachilungamo. Palibe anaganiza kuti tsiku la ndewu yotere palibe amene adzasowe.

Lamulungulo kachipinda kanadzaza, ena ali pazenera. Eni onse analipo. A ku Phalombe anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anayamba kupempha. Anayambira kwa mwini wa Kamtsikana, chifukwa aliyense ankadziwa kuti Kamtsikana ndi amene amadumpha ndodo n'kutera kumsana kwa nkhalamba. Koma mwini wakeyo anali msuweni wa mnyamata uja.

"Mundikhululukire, akulu. Madzulo ano ndikadya kwa azakhali. Ndikalowa bwanji?"

Anapita kwa mwini wa Wamaunyolo, amene unyolo wake unkafika patali ngati ndodo yomwe.

"Wanga akudwala lero. Malungo."

Anthu anaseka. A ku Phalombe anasekanso, n'kupita kwa wotsatira. Anayenda benchi yonse. Wina anati padi ikazolowera dzanja lachilendo imavuta, wina anangoyang'ana kudenga. Onsewa sanali anthu oipa. Mnyamata uja anali wa m'mudzi, amayi ake tinkawapatsa moni tsiku ndi tsiku, pamene a ku Phalombe anali oti adzachoka fodya akagulitsidwa.

Kwa ine anafika pomaliza, ndipo chifukwa chake chinali chodziwika. Pa omenya onse, Chimphona ndiye ankavutika kwambiri ndi ndodo. Ine mwini ndinali nditagonja kwa msilikali uja kosawerengeka.

"Achimwene," anatero, "ng'ombe yanu ija ili pa goli lero?"

Munda wathu unkachita malire ndi wa amayi a mnyamatayo, ndipo ndinaganizako za zimenezo. Koma ndinali nditatopa kumva kukana.

"Tengani," ndinatero.

"Wawapatsa wilibala kuti athamangitse njinga," mlamu anati, n'kulumikiza batire.

Ndewu yoyamba sinachedwe. Chimphona ankati akaponya phazi, ndodo pamphumi. Akaponyanso, ndodo m'miyendo. Anagwa asanagwire munthu. Mnyamata uja sanamwetulire n'komwe, anangopukuta manja pa malaya.

"Munthu wanuyu ndi wolemera ngati belo la fodya," a ku Phalombe anandiuza.

"Musamuthamangitse," ndinati. "Safuna zimenezo."

Ndewu yachiwiri a ku Phalombe anasiya kulondola nkhalamba. Anaima, n'kutchinga. Iwo anali atagwirapo nkhalambayo kangapo msilikali ali ku mpira, ndipo ankadziwa chinthu chimene ine sindinkachidziwa: ikabaya patali, imachedwa kubweza ndodo. Choncho ankatchinga, n'kusendera phazi limodzi, n'kutchinganso. Anthu anayamba kudandaula kuti ndewu yanji yopanda kumenya. Mnyamata anabaya, anabaya, akubwerera m'mbuyo, mpaka nkhalamba inagunda kumapeto kwa kanema. Ndodo yaitali pafupi ilibe ntchito. Chimphona anaigwira m'chiuno kawiri, nkhani n'kutha.

Yachitatu inali yothina. Mnyamata anali ataphunzira, sankabayanso mwachisawawa. Ankadikira. Mphamvu za onse awiri zinatsika pang'onopang'ono, ndipo ndinaona chimene ndinkachiopa. Zala za a ku Phalombe zinachita za Kamtsikana. Anafuna kudumpha ndodo, Chimphona n'kunyamuka pang'ono ngati chule wokhuta, n'kulandira ndodo pamimba. Mphamvu zinatsala kachingwe.

"Watha! Mmalize, aise!" msuweni uja anakuwa.

Mwina kukuwako ndi kumene kunaononga. Mnyamata anafulumira, anabaya patali ndi mphamvu zonse kuti amalize. A ku Phalombe anatchinga. Ndodo isanabwerere anasendera, n'kugwira.

Nkhalamba inagwa. Kenako mlamu anati, "Nkhalamba yasamukira ku Phalombe," ndipo anthu anaseka, ena mokakamiza. Mnyamata anaika padi pabenchi bwinobwino n'kutuluka. Amayi ake anakhala masabata angapo akundiyankha moni ndi mutu wokha.

Chimene chinandidabwitsa chinabwera pambuyo. Kuyambira tsikulo a ku Phalombe sanagwirenso womenya wina. Ndipo poyamba ankagonja kuposa kale. Nkhalambayo ankaidziwa kunja kokha, monga munthu amadziwira nyumba imene anagonamo paulendo. Ngakhale ine ndi Chimphona ndinawagwetsa kangapo. Tsiku lina mwini wa Kamtsikana kulibe, ndinawauza kuti abwereke, popeza ankamutha bwino.

"Ayi, achimwene. Khasu la bwana, chigafa cha bwana, nyumba ya bwana. Kuno kokha ndisiyeni ndigonje ndi wanga."

Pofika nthawi yosankha fodya ndi kudinda mabelo, zala zawo zinali zitakhazikika. Sankasokonezekanso pothina, ndipo zimene anaphunzira pobwereka zija sizinatayike. Ankadziwabe chimene aliyense wa ife amaopa. Miyezi imeneyo kuwachotsa pampando inali ntchito.

Ine ndinatengapo phunziro langa mwakachetechete. Chimphona sindinamusiye, koma eni akasowa ndinayamba kubwereka awiri amene ankandivutitsa kwambiri, osati kuti ndipambane nawo, koma kuti ndimve pamene amachedwa. Mlamu anapitiriza kunena za pusi. Mkanganowo sunathe, ndipo sindikuganiza kuti unafunika kutha.

Fodya atagulitsidwa, matenanti anauzidwa tsiku limene lole idzawanyamule. Lamulungu lomaliza a ku Phalombe anabwera atavala malaya atsopano, manja oyera. Mnyamata uja anali atayambiranso kubwera, koma ankangokhala pazenera, popeza analibe womenya ndipo kubwereka wina sankafuna. A ku Phalombe anamuitana.

"Mphwanga, bwera kuno. Nkhalamba ija ndikukubwereketsa."

"Mukundipatsa?"

"Sindinatero. Ndikukubwereketsa. Ndikabwera nazale ikubwerayi, ndidzaipeze ili bwino. Usamaibayitse patali ukapsa mtima."

Mnyamata analandira padi ndi manja awiri.

Nazale inafika, matenanti ena anabwera, ochokera ku Mulanje ndi ku Dedza. A ku Phalombe sanali m'gululo, ndipo palibe anadziwa esiteti imene anapita. Zotsatira zanga zinali zitatuluka kale, koma ntchito sinapezeke msanga, choncho ndinakhalabe pabenchipo chaka china. Ndinaona mnyamata uja akusanduka katswiri woposa mkulu wake, woposa tonse. Anyamata a ku Ntchisi boma anabwerapo pa njinga kudzamuyesa, n'kubwerera atagonja.

Komabe nthawi iliyonse akafuna kukhala pampando, mlamu ankafunsa ali kusuntha mawaya a batire.

"Mwini wa nkhalamba alipo?"

"Palibe."

"Bwereka."

Poyamba mnyamatayo ankayankha mokwiya, kenako anazolowera. Anafika poti akalowa ankayamba wayang'ana pabeseni paja, asanafunsidwe. Anabwereka choncho mpaka kabokosiko kanapsa mvula ina, nkhalamba ikadali ya a ku Phalombe.