Aphunzitsi a Singano ndi Kapu Yotentha

Aphunzitsi opuma ntchito a m'nyumba yapangodya amaphunzitsa Chingerezi anthu olankhula Chitchaina, koma dikishonale saigwira n'komwe. Patebulo pawo pamakhala singano yobuntha, kapu ya madzi otentha ndi mwala. Iwo amati, "Mawu amene khungu silinawamve sakhalitsa m'mutu." Akafika pa mawu onena za ululu, amakubaya pang'ono pamkono n'kutchula liwu lake, kenako amakugwiritsa kapu ija n'kukunyamulitsa mwala uja. Akazi awo amangopukusa mutu n'kumati, "Bambo, tsiku lina anthuwa adzakumangitsani."

Mwa ophunzira awo, amene ankanyinyirika kwambiri ndi mayi wina wogulitsa nsapato. Iye ankafuna mawu a malonda, osati kubayidwa.

Mwezi watha mwamuna wake, amene Chingerezi sachimva, anagwa m'sitolo atagwira pamimba. Kuchipatala, dokotala atafunsa kuti pakupweteka bwanji, mayiyo anamvetsera mwamuna wake m'Chitchaina, n'kukumbukira singano ija. Anayankha m'Chingerezi kuti ululuwo ndi wobaya, osati wotentha kapena wolemera, ndipo wayambira pamchombo n'kutsikira kumanja. Dokotala sanachedwe, anathamangira ndi mwamunayo ku opaleshoni.

Mwamuna atachira, mayiyo anabwera ndi nsapato zatsopano kudzathokoza. Aphunzitsi anazivala pomwepo, n'kumayenda uku ndi uku ngati tambala.

"Mayi, paja munkati andimangitsa?" anafunsa akazi awo.

"Khalani pansi, zikukuthinani," anayankha akaziwo akubisa kuseka.

Wogulitsa nsapato uja anali atakhala kale patebulo, mkono atautambasula.

"Aphunzitsi," anatero, "bayani."