Sabata Imene Amayi Anaperekeza Mabenchi

Kapepalako kanali kakang'ono ngati tsamba la ndimu, kodulidwa m'kope la kusukulu, mizere yake yabuluu ikuonekabe. Pakati anadindapo chidindo chofiirira, pansi pake wina analemba nambala ndi bolopeni. Ife tinkati bilyete; abale athu a ku Likoma amati tikiti. Ndinakaona m'manja mwa aphunzitsi athu, atakasolola m'thumba la malaya n'kukakweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione. Ine sindinakagwirepo ngakhale kamodzi, koma nyengo ya mwera ya chaka chimenecho ndimaikumbukira chifukwa cha iko.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Tinkakhala ku Msumba awiriwiri ndi amayi, bambo atamwalira kale. Nkhondo inali m'mapiri a kumtunda kwathu, ndipo nthawi zina inkatsika. Amuna a mfuti okhala kumeneko sitinkawatchula dzina. Tinkangoti "a kuphiri", motsitsa mawu. Sopo kunalibe. Mchere tinkaunyambita ngati mankhwala.

Achimwene anga, mwana woyamba wa amayi, anali atatengedwa kupita ku usilikali mvula ziwiri zapitazo. Anapita ku Metangula kukagulitsa usipa, anakwezedwa galimoto, ndipo kwathu kunangobwerera dengu. Kalata sinabwere. Akazi a m'mudzi anayamba kumafika pakhomo n'kukhala chete pamkeka monga timachitira pamaliro, koma amayi ankawadzutsa mwaulemu.

"Pano palibe maliro. Mukadzamva ndikulira, mudzabwere."

M'mawa uliwonse ankawatchula achimwene m'pemphero pamodzi ndi amoyo. Wansembe atafunsa ngati awaike pamndandanda wa omwalira, amayi anati Mulungu sanawauze zimenezo.

Nkhani inabwera ndi amalume, mlongo wa amayi, amene anali ndi boti la matabwa lathanga. Anaimva kwa woyendetsa galimoto wina wochokera ku Lichinga: kukubwera gulu la asilikali ochita zisudzo, adzasewera kamodzi kokha mu holo ya ku Metangula, Loweruka masana. Pakati pawo, anatero, pali mnyamata wolankhula Chinyanja cha kunyanja kuno, wa chipsera pansidze, amene amatha kutsanzira kayendedwe ka munthu aliyense. Amayi anali kusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi. Chipsera cha achimwene chinali cha nkhafi imene inawamenya ali mwana, ndipo pa Khirisimasi iliyonse ndi iwo ankasewera mfumu yankhanza ija yofuna kupha makanda, mpingo wonse n'kumagwira m'mimba ndi kuseka.

"Musayembekezere kwambiri, alongo," anatero amalume. "Zipsera n'zambiri m'dziko muno tsopano."

Lolemba tinayenda wapansi kupita ku Metangula, mphepo ya mwera ikutiwaza mchenga m'miyendo. Pazenera la holo panali mlembi wovala wotchi. Amayi anagwada pang'ono, n'kupempha mabilyete awiri m'Chinyanja. Iye anayankha m'Chipwitikizi osakweza mutu, ndipo ine, mwana wa sukulu, ndinamasulira: atha. Mkazi wina wogulitsa mtedza pakhomopo anatiuza zoona zake. Mabilyete anagawidwa m'maofesi gulu la zisudzolo lisananyamuke n'komwe ku Lichinga. Anapatsidwa ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi, akuluakulu a asilikali ndi akazi awo. Ochepa otsalawo anatha dzuwa lisanafike pamutu.

Lachiwiri tinabwereranso. Mlembi anatiloza ndi bolopeni, n'kutseka zenera. Ndili mkulu tsopano, ndikamva m'tchalitchi za mkazi wamasiye uja amene anamtopetsa woweruza ndi kubwerabwera kwake, sindiona nkhope ina ayi. Ndimaona amayi ataima pazenera lotseka, mapazi atayera ndi fumbi, akugogoda ndi chala chimodzi mosapupuluma.

Lachitatu anapita kwa aphunzitsi. Anali munthu wa kum'mwera kwa dziko, wowonda, amene ankatiphunzitsa kuti kupemphera n'kubwerera m'mbuyo. Sindiwanena zoipa; chinangwa chathu ankadya, ndipo nawonso anali kutali ndi amayi awo. Anali ndi mabilyete awiri, awo ndi a akazi awo. Anamvetsera, anayang'ana pansi, kenako anaseka pang'ono.

"Inu si anthu a mapemphero? Kapempheni kumwamba, mwina bilyete igwa."

"Ndapempha kale, aphunzitsi," anatero amayi. "Ndimangofuna kuona ngati yankho lidzera kwa inu."

Linadzeradi kwa iwo, ngakhale iwo sanadziwe. Tsiku lotsatira aphunzitsi omwewo anafika kutchalitchi ndi kalata ya chidindo. Mu holo munalibe mipando yokwanira, ndipo akuluakulu a kuboma ankapempha kubwereka mabenchi athu khumi ndi awiri. Anali mabenchi akale a mbawa, olemera, osalala ndi kukhalidwa ndi mibadwo itatu. Akulu a mpingo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, okwiya. Anthu otinyoza chifukwa cha Mulungu, lero akufuna kukhala pamipando ya Mulungu? Onse anatsala pang'ono kugwirizana zokana.

Amayi analowa pabwalo la amunalo osaitanidwa. Ine ndinali nditagwira nsonga ya nsalu yawo. Anati dzuwa la Mulungu limawalira onyoza ndi opemphera omwe, nanga benchi ndiye lingasankhe? Kenako anawakumbutsa mwambo wa mpingo wathu. Katundu wa tchalitchi satuluka yekha. Mabenchi akabwerekedwa kuukwati kapena kumaliro, mayi amene ali pa sabata yosesa m'tchalitchi amapita nawo, amakhala nawo, ndipo sawasiya mpaka atabwerera m'malo mwake.

"Sabata ino si yanu," anatero mkulu wina.

"Ndasinthana ndi anzanga m'mawa uno. Tsache lili kwathu."

Akatekisiti anawayang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa za achimwene. Anangoti mwambo ndi mwambo.

Loweruka m'mawa tinapakira mabenchi m'boti la amalume, atagonekedwa chagada, miyendo ili m'mwamba ngati ng'ombe zakufa. Mwera unkatikankha kutibweza kwathu, moti amalume ndi anzawo awiri anapinda thanga n'kupalasa njira yonse. Madzi ankalowa, ine ndikukapa ndi chikho. Amayi anakhala atakumbatira kamtolo ka usipa wowamba ndi mtedza wokazinga kamene anamanga m'kansalu.

Titaika mabenchi m'mizere mu holo, mlonda wa pakhomo anaomba m'manja kuti onyamula katundu atuluke. Amalume anatuluka. Amayi anakhala pa benchi lakumbuyo kwenikweni, n'kundikokera pambali pawo.

"Amayi, bilyete."

"Ndilibe, mwana wanga."

"Ndiye tulukani."

"Ndikatuluka ine, mabenchi atuluka nane. Akuluakulu ako akhala pasimenti."

Mlonda anakaitana mlembi uja wa wotchi. Atationa, nkhope yake inagwa. Anayankhula Chipwitikizi chambiri chimene sindinafune kumasulira. Anatchula ndende. Amayi anati kundende apita, koma mabenchi aperekezedwe kaye kwawo, chifukwa si awo, ndi a Mwini wake. Amalume anasuzumira pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Tiyambe kunyamula, abwana? Nenani msanga, boti likudya mchenga."

Kunja anthu a mabilyete anali atayamba kufika, akazi a nsapato zazitali akudzikupiza ndi timapepala tawo padzuwa. Mlembi anayang'ana wotchi, anayang'ana mabenchi. Kenako, koyamba sabata yonseyo, anatulutsa Chinyanja, ndipo chinali Chinyanja chabwino ndithu.

"Khalani pomwepo. Musatsokomole n'komwe."

Holo inadzaza, fungo la thukuta ndi mafuta odzola. Pafupi nafe panadzakhala bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, wogulitsa mchere. Iye mchere sunkamuthera ngakhale misewu itatsekedwa, ndipo bilyete anali nayo, koma kumene anaitenga palibe ankadziwa. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu wonse.

Seweroli linali la mudzi wa alimi. Anyamata ena anavala nsalu ngati akazi, akulima pasiteji ndi makasu enieni. Kenako kunalowa chigawenga chovala chiguduli, nkhope yopakidwa makala, mfuti ya mtengo ili paphewa. Chinayenda monyang'wa, mimba patsogolo, phazi lamanzere likuponyedwa kunja. Anthu anafa nako kuseka. Ine sindinaseke. Kayendedwe kameneko ndinkakadziwa. Kanali ka mfumu yankhanza ya pa Khirisimasi. Chigawengacho chinaba nkhuku yamoyo, chinatsanzira mmene a kuphiri amalankhulira, chinaopa mthunzi wake womwe n'kugwa chagada. Pomaliza asilikali anachizungulira, ng'oma inalira ngati mfuti, ndipo chinagwa n'kutambasuka. Holo yonse inaimirira kuomba m'manja.

"Achimwene!" ndinakuwa.

Dzanja la amayi linanditseka pakamwa mwamphamvu mpaka mano anandicheka mlomo. Linali kununkha utsi wa usipa. Bambo wa mchere uja anatembenuka.

"Kodi amayi, si mwana wanu uja ameneyu? Uja anatengedwa?"

"Ayi," anatero amayi mokweza, kuti ndi a benchi lakutsogolo amve. "Wanga ndi wamtali. Kamwanaka kamangoona mlongo wake pa msilikali aliyense."

"Koma chipseracho..."

"Zipsera n'zambiri, bambo. Uyu sindimudziwa."

Pasiteji wakufayo anadzuka, anapukuta makala ndi dzanja, n'kuwerama pamodzi ndi anzake. Maso ake anayenda mu holo, anafika pa benchi lathu, anaima pang'ono, n'kupitirira.

Anthu atatuluka, mkulu wa gululo analamula anyamata ake kuti athandize kutsitsira mabenchi kugombe. Achimwene anabwera molunjika ku benchi lakumbuyo n'kugwira mbali imodzi. Amayi anagwira inayo. Amalume anafuna kuwalandira, koma amayi anapukusa mutu. Anayenda nalo awiriwo, achimwene chafutambuyo, amayi kutsogolo kwawo, maso ndi maso, benchi la mbawa lili pakati. Anzawo onse anawapitirira, ena anabwerera kukatenganso ena, iwo akadali panjira. Kawiri amayi anati atopa, n'kulitula pansi, iwo amene ankasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri osapuma. Bambo wa mchere anali ataima pamthunzi akuyang'ana. Ine ndinkatsatira ndikulira, ndipo achimwene sanandiyang'ane.

Pagombe anaika benchi m'boti. Amayi anagwetsa kamtolo kaja pamchenga pafupi ndi nsapato za achimwene, ndipo sanakatole.

"Zikomo, bambo asilikali," anatero.

"Muyende bwino."

Nkhondo itatha achimwene anabwera kwathu akutsimphina, ndipo ndi iwo anandiuza zimene mkulu aliyense mu holo muja ankadziwa. Mawu ankakwera kuphiri msanga kuposa mbuzi. Nyumba ya mayi wa msilikali inali kale pangozi. Nanga ya mayi wa msilikali amene amavala chiguduli n'kuwasandutsa a kuphiri choseketsa pamaso pa boma? Ikanapsa, ife tili momwemo. Ngati bambo wa mchere anali khutu lawo, sindikudziwa mpaka lero, ndipo sindimuweruza, Woweruza alipo. Koma ndawerenga kambirimbiri za azamba aja amene ananamiza mfumu kuti ana akhale ndi moyo, ndi za mayi uja amene anasiya khanda lake m'mabango n'kudzalilandiranso ngati mlezi waganyu. Sindinapeze pamene Mulungu anawakwiyira.

Tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Nkhani yokhayo imene inali m'mutu mwanga inali ya wophunzira uja amene anakana Mbuye wake pabwalo, ndipo iye uja anatuluka n'kukalira. Amayi sankalira. Mwera unali kumbuyo kwathu tsopano, thanga litafufuma, boti likuthamanga. Iwo anagwada pakati pa miyendo ya mabenchi, madzi akuwanyowetsa maondo, n'kuyamba kuyamika mokweza, nkhope ikuwala ngati ya mkwatibwi. Anayamika chifukwa cha mlembi, chifukwa cha aphunzitsi, chifukwa cha mphepo. Amalume anavula chipewa, dzanja lina lili pachiwongolero. Ine ndinakhala kutsogolo kwa boti nditawafulatira, mlomo ukadali kutuluka magazi. Ndinadziuza kuti munthu amene wayenda sabata yathunthu kufuna mwana wake, n'kumupeza, n'kunena pagulu kuti samudziwa, Mulungu sangamumvere. Atamaliza, amalume ndi anzawo anati Amen. Amayi anadikira wanga. Ndinaluma mano, ndipo sindinamunene.