Basi Yathu Yachikasu

Basi ya sukulu ya atsikana imene ndinkayendetsa inali yachikasu ngati papaya wakupsa. Anatipatsa ndi akhristu anzathu akunja, osadziwa kuti kuno matipate atangobwera, ngakhale utoto unali ndi chipani chake. Chikasu chinali cha chipani chimene chinali chitangolowa m'boma, ndipo kwathu ku Dowa ambiri sankafuna n'kuchiona komwe. Ndikamadutsa, ena ankalavulira pansi. Ine wosauka, ndale zanga zinali dizilo ndi matayala.

M'mawa wina mvula yoyamba itagwa, ndinanyamula atsikana a Fomu 4 kupita nawo kokalemba mayeso. Pachitunda china cha ku Msakambewa basi inatitimira m'matope mpaka kumimba. Ndinaponda mafuta, iyo n'kumangolira ngati ng'ombe yomangidwa.

Chapafupi panali chigafa cha fodya, ndipo azibambo anali atabisalamo mvula. Ndinavula chipewa n'kupita kwa wamkulu wawo, bambo a imvi ovala jekete yong'ambika pachigongono.

"Bambo, tithandizeniko kukankha. Anawa achedwa mayeso."

"Adalaivala, inu tilibe nanu mlandu," anatero. "Koma chinthu chanucho akankhe eni ake amene anachivotera."

Ndinalumbira kuti basiyo ndi ya mpingo, kuti iyo sinavotepo chibadwire. Anangoseka. Ndinapsa mtima, koma wopempha sakweza mawu.

Atsikana anatsika n'kuyamba kukankha okha, akuterereka ndi mayunifolomu awo. Mmodzi anali mwana wa tenanti wa pa esiteti ina, ndipo tonse tinkadziwa kuti bambo ake anamuuziratu kuti akaphonya chaka chino, sukulu yathera pomwepo. Anagwa chafufumimba, n'kudzuka, n'kugwiranso basi, misozi ili chuchuchu. Ine zinandipweteka kwambiri.

Bambo a imvi aja anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Kenaka anatuluka m'chigafa, anatapa matope ndi manja onse awiri, n'kumata kumbuyo kwa basi monga amachitira amayi pozira nyumba. Atakwirira chikasu pamalo okwana zikhatho zawo, anatembenukira anzawo.

"Apa ndi dothi la kwathu. Dothi ndingakankhe."

Aliyense anamata pake, mosamala ndithu kuti chala chisakhudze utoto. Anayambitsa nyimbo yokokera mitengo, onse n'kukankha, basi n'kutuluka.

Tinafika mapepala asanagawidwe. Mtsikana uja analowa womaliza, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'tsitsi.

Pobwerera ndinawapeza bambo aja ataima pamsewu, mvula ikuwanyowetsa. Sanandipatse n'moni womwe.

"Walemba mwana uja?"

"Walemba, bambo."

Anapuma mozama n'kupukuta kumaso ndi chipewa. Ndinatsegula chitseko kuti akwere ndikawasiye kumudzi kwawo, poti kunali kutali ndithu.

"Mwati ndikwere chiyani?" anatero, n'kuuyamba wapansi.