Woyamba Kugwira Sowo

Mkulu wina, kalipentala wa kuseri kwa msika, anali ndi chizolowezi chimene sanachisiyepo: amene waononga thabwa dzulo ndiye ankayamba kupatsidwa sowo lero. Sankakalipa. M'mawa ankangoichotsa pa msomali, n'kuipukuta ndi malaya ake, n'kuipereka kwa wolakwayo.

Mlamu wake, amene anayamba kugwira naye ntchito onse tsitsi lidakali lakuda, khalidweli linkamunyansa. Linafika pomukwana atabwera mnyamata wina amene anamutcha Kamvuluvulu. Kusukulu anali atamuchotsa chifukwa cha ndewu, ndipo mayi ake anamubweretsa kushedi yawo yopaliramo matabwa atasowa naye chochita. Ankafika dzuwa litakwera. Ankayeza ndi maso, tepi ili m'thumba. Ukamulangiza ankangoimba mluzu.

Tsiku lina mphunzitsi wina anaitanitsa chitseko cha nyumba yake yatsopano, ndipo ankafuna kusamukiramo sabata yomweyo. Matabwa ouma bwino analipo ochepa. Kamvuluvulu anadula limodzi, n'kuperewera ndi zala zinayi. Mlamu uja atamufunsa, anayankha kuti nkhuku nazonso zimafuna polowera.

Madzulo mlamuyo anayankhula zambiri: kuti chifundo chinapha nkhwali, kuti dzina la shedi likuwonongeka chifukwa cha mwana wa eni, kuti thabwa labwino latsala limodzi lokha.

"Alamu, achoke iyeyu kapena ndichoke ine."

"Mukachoka, adzamuonetsa kugwira tepi ndani?" anatero mkuluyo, n'kupitiriza kusesa.

M'mawa mwake Kamvuluvulu anabwera chikwama chili paphewa, atakonzeka kuthamangitsidwa, mwano uli kale pakamwa. Mkuluyo anachotsa sowo, anaipukuta, anamupatsa, n'kuloza thabwa lomaliza lija. Mlamu anayang'ana kudenga.

"Madala, mukundiseka?" anafunsa Kamvuluvulu.

"Ayi. Dula."

Mwano wa mnyamatayo unasowa poutayira. Kenako anatulutsa tepi. Anayeza, analemba ndi pensulo, anayezanso. Asanaike sowo, anacheukira kwa mlamu uja.

"Bambo, tandionerani."

Mlamuyo ankafuna kumuuza kuti akafunse nkhuku zake zija. Koma thabwa linali lomaliza. Anadzuma, n'kugwira mutu wa tepi. Chitseko chinalowa bwino, mphunzitsi anasamuka.

Sikuti Kamvuluvulu anasinthiratu. Anachedwabe, anathyola chizulo chogobera matabwa, anamenyananso kumsika n'kubwera diso litatupa. Akaononga, m'mawa sowo inkamudikira, ndipo mlamu ankang'ung'udza monga kale kuti shedi yasanduka sukulu ya ana opulupudza. Mluzu wokha ndiwo unazilala osadziwika tsiku. Patapita nthawi, mlamu ankapeza utuchi wosesa kale akamafika.

Zaka zinapita. Maso a mkuluyo anachita khungu, ntchito yake inangotsala kukhala pampando pafupi ndi khomo, kumamvetsera kulira kwa sowo. Tsiku lina mlamu yemweyo anadula mwendo wa tebulo molakwika, ana ophunzira ntchito akuona. Anatukwana tepi, anatukwana pensulo, anaweruka msanga.

M'mawa mkuluyo anadzuka pampando, anapapasa khoma mpaka anapeza msomali. Anachotsa sowo, anaipukuta ndi malaya, n'kuitambasulira kumene kunkamveka mpweya wa mlamu wake. Mlamu anayang'ana Kamvuluvulu, amene tsopano anali bambo wa ndevu, kudikira nthabwala ya nkhuku. Iye anangowerama n'kumugwirira thabwa.

Sabata yotsatira mkuluyo sanabwerenso kushedi. Ntchito yake inali itatha.