Ndinalowa Mumzikiti Lachisanu

Ndinkaphikira abwana ena a kwathu ku Malawi, ku Hurlingham mu Nairobi. Iwo ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu. Ine zaka ziwiri mu Nairobi, misewu yomwe ndinkaidziwa inali iwiri: wa kumsika ndi wa kutchalitchi.

Tsiku lina abwana akupita ku Mombasa anandiuza kuti ndituluke ndikaone mzinda. Anatchula mzikiti wakale wa pakati pa tawuni, kuti ndi wokongola. Ndinavomera.

Ndinakwera minibasi, yomwe kumeneko amati matatu. Linali Lachisanu. Kwathu ku Ntcheu, tchalitchi mkati mwa sabata chimakhala chopanda anthu, umalowa n'kuyang'ana mmene ukufunira. Ndinapita ndi maganizo amenewo. Zoti tsiku la Asilamu ndi Lachisanu ndinkadziwa, koma mutu sunagwire.

Mozungulira mzikiti munali timashopu ta mafuta onunkhira, mikanjo ndi zisoti. Sindinagule kanthu. Pakhomo anthu ankavula nsapato, nanenso ndinavula. Palibe anandifunsa. Mkati munali anthu ochepa, mozizira bwino. Ndinapita kutsogolo kukaona zolemba za pakhoma, kenako ndinakhala pansi pafupi ndi chipilala kuti ndipume.

Nditacheuka, ndinapeza mwadzaza. Mizere ya amuna mpaka kukhomo, phewa ndi phewa. Kuti ndituluke ndinayenera kudumpha anthu, ena atayamba kale kupemphera. Ndinakhala.

M'khosi ndinali ndi korona yanga yopempherera, mkati mwa malaya. Pasipoti ndinasiya kunyumba. Chiswahili changa chinali chogulira anyezi. Akanandifunsa kuti Mkatolika akufunanji kutsogolo kuno, ndikanayankha chiyani? Akanati ndabwera kudzawanyoza, kapena kudzazonda.

Ashehe analalikira nthawi yaitali. Sindinamve kanthu. Miyendo inachita dzanzi. Thukuta linkatsika kumsana, ine osayerekeza kulipukuta.

Kenako onse anaimirira. Apa ndiye panavuta. Kuimirira nawo n'kumagwada nawo kukanakhala kunamiza iwo ndi Mulungu yemwe. Kukhala pansi ndekha, aliyense akanandiona. Ndinadzuka theka, mawondo ali opindika, ndipo korona inatulukira pakolala.

Pambali panga panali bambo wina wachikulire, wa ndevu zopaka zofiira. Anayang'ana korona ija, n'kundiyang'ana ine.

"Mgeni?" anafunsa chapansipansi. Mawu amenewo ndinkawadziwa, ndi mlendo.

Ndinagwedeza mutu movomera.

Anandigwira paphewa, n'kundikankhira kuseri kwa chipilala. "Kaa tu," anatero. Khalani basi.

Bambo aja anasendera pamalo panga, mzere n'kutsekeka. Ine ndinakhala pansi, maso pa sokosi yanga yobowoka pachala. Anthu ankawerama, kugwada, kudzuka. Ndinkamva mikanjo yokha ikukhulana. Chifuwa chinandiyabwa, ndinameza malovu mpaka chinaleka.

Atamaliza, bambo aja anandigwira padzanja ngati mwana mpaka kukhomo. Anadikira ndipeze nsapato zanga pamulu. Ndi Chingelezi chochepa anandiuza kuti ndikafuna kuona bwino ndidzabwere Lachiwiri m'mawa, ndidzayambe ndapempha kwa mlonda. Ndinathokoza nditagwira chigongono, monga timachitira kwathu. Anaseka pang'ono n'kumapita.

Lachiwiri sindinapite. Ndinapita kumsika.

Abwana atabwerako anandifunsa ngati mzikiti uja ndinauona, ndipo ndi wotani mkati.

"Kapeti wake ndi wofewa, bwana," ndinayankha.

Anadikira kuti ndionjezere. Ndinabwerera kukhitchini.